Mauthenga Osayankhidwa a Bambo Zuze

"Ndidzabwera ndi kompyuta, baba. Tidzakhala pakhonde pompano, inu mukuwerenga, ine ndikulemba. Sindidzachoka mpaka titafika pa tepi yomaliza."

Humphrey ananena zimenezi mu Ogasiti wa 2001, chikwama chake chitamangidwa kale pa njinga yomuperekezera ku depoti. Bambo ake, a Jeremiya Zuze, anali atagwada pambali pa bokosi lachitsulo lobiriwira, chivundikiro chili chotsegula. Sanadzutse mutu.

"Liti?"

"Ndikangomaliza sukulu. Zaka zitatu basi."

"Chabwino," anatero a Zuze. "Matepiwa ndiziwayanika."

M'bokosimo munali timipukutu ta pepala, topyapyala ngati lamba wa wotchi, tobooledwa timabowo mizeremizere. A Zuze anali munthu wa teleksi. Anayambira pa siteshoni ya sitima, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itakhuthulira anthu m'Nsanje, anakalowa pa ofesi ya bungwe lina lothandiza othawa kwawo. Munthu ankafika, n'kuvula chipewa, n'kutchula dzina la amene anasiyana naye m'njira: mkazi, mwana, mayi womubereka. A Zuze ankagogoda pa makina, makina n'kuboola tepi, tepi n'kuthamangitsa uthengawo pa waya kupita ku misasa ya ku Mulanje, ku Mwanza, ku Dedza. Lamulo la ofesi linali loti tepi ikatumizidwa itayidwe. Iwo ankataya yokhayo imene yankho lake labwera. Yosayankhidwa ankaikulunga pa chala, n'kupita nayo kunyumba m'thumba la malaya.

Nkhondo inatha, misasa inapasuka, makina anakwezedwa pa lole. Bokosi linatsala, ndipo panali anthu ena amene sanaleke kubwera kudzafunsa.

Zaka zitatu zija zinakwana makumi awiri ndi zitatu.

Humphrey anafika Lolemba masana, maliro a bambo ake ataikidwa dzulo lake. Mu Okutobala, kuchigwa kuno, mtembo sudikira ndege. Kuchokera pa Bangula ankangoyang'ana pawindo la minibasi, kufunafuna zinthu zimene anazisiya. Njanji inali itamira mumchenga, masau atamera pakati pake. Mitengo ya mawaya, imene kale inkaperekeza njanjiyo ngati anthu a pa mdipiti, inali itapita yonse. Ndani akudziwa kuti mawaya ake akuyanika zovala za yani. M'malo mwake, paliponse pokwera pang'ono, panali nsanja ya foni yofiira ndi yoyera. Foni yake inadzaza netiweki bwinobwino kuposa mmene imachitira m'chipinda chake ku Ireland, ndipo zimenezi, pazifukwa zimene sanazimvetse, zinamukwiyitsa.

Esinala, mlongo wake wamng'ono, anamuchingamira pa mpanda. Analira naye pang'ono, monga mwa mwambo, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kumulandira chikwama. Misozi yake yeniyeni anali ataimaliza kale. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, matenda a shuga atawatseka maso bambo awo, Esinala anasiya mwamuna wake ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo n'kubwera kudzawasamala. Nkhope yake inali itauma ngati ya munthu wamkulu kuposa Humphrey.

Atabwerako kumanda, a Pius, mng'ono wa malemu, anawaitana pansi pa mtengo wa nimu.

"Kusesa tinayenera kusesa lero," anatero. "Tadikira iwe. Tisesa Lachitatu."

Humphrey anavomera ndi mutu. Mwambowo ankaukumbukira: phulusa la moto wa pamaliro, zinyalala zonse za pabwalo ndi za m'nyumba zimasesedwa, katundu wa malemu amagawidwa, ndipo chimene chasowa wochitenga chimapita pamoto. Akatero nyumba imabwerera kwa amoyo.

"M'nyumbamu alowa Tomasi, mwana wanga, ndi banja lake," a Pius anapitiriza. "Sitingaisiyire chiswe. Esinala akubwerera kwa mwamuna wake, ngati mwamunayo akumukumbukirabe nkhope. Njinga, wailesi, majekete, tidzaona Lachitatu."

"Nanga bokosi?"

"Bokosi ndi labwino lija, silichita dzimbiri. Tomasi azisungiramo mbewu."

"Ndikunena zam'katimo, bambo aang'ono."

"Zam'katimo ndi za moto, ngati palibe wozitenga."

"Ndizitenga ine."

A Pius anamuyang'ana kuyambira ku nsapato. "Kupita nazo kuti? Wotenga mapepala aja watenga ndi anthu ake. Akabwera kudzafunsa, tiziwalozera njira ya ku Ireland?"

"Amabwerabe?"

"Atsala ochepa," anayankha Esinala. "Atatu, anayi. Enawo anamwalira, kapena miyendo inawakana." Anali atakhala pa mphasa, akuthothola ulusi pa chitenje. "Mukapita nawo, achimwene, mukawaika pansi pa bedi, n'kudzawakumbukira posamuka nyumba. N'chimodzimodzi kuwatentha. Bola pano munthu aona utsi."

"Ndinawalonjeza baba kuti ndidzawakopera onse."

"Tikudziwa," anatero a Pius. "Mudzi wonse ukudziwa. Ankauza aliyense." Anakhosomola, n'kulavulira kumbali. "Iwe ukundiona ngati munthu wouma mtima. Tepi yoyamba kulowa m'bokosi lija ndi ya mlongo wathu Anita, amene anatsalira ku Mutarara, ku Mozambique. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndinati, mkulu wanga, tiyeni timulire, tiike mwala, tiitanitse Misa. Iye nkhabe, kukaniratu. Ati yankho silinabwere. Amayi athu anapita osalira mwana wawo chifukwa cha kapepala. Ine ndakalamba, Humphrey. Ndikufuna ndimulire Anita ndisanamutsatire."

Panadutsa kamphepo kotentha, kofanana ndi mpweya wa mu uvuni.

"Koma sindikulanda lonjezo la munthu," anatero mkuluyo. "Ukakhala, bokosi likhala mpaka utamaliza. Tomasi adikira. Tsiku lonyamuka iwe, ife tiyatsa."

"Ndege yanga ndi ya Lachisanu," anatero Humphrey. "Pano ndiyenera kuchoka Lachinayi m'mawa."

Esinala anadzuka kukaona madzi osamba.

Lachiwiri kusanatenthe, Humphrey anakokera bokosi pakhonde. Linanunkha chinyontho chakale ndi masamba a fodya amene bambo ake ankaikamo pothamangitsa njenjete. Anayamba ndi kuwerenga timipukutu, osatitulutsa, akungoloza ndi kamtengo. Anabwereza kawiri. Tinalipo 912.

Esinala anali pansi pa khonde, akupala mamba a makakana m'beseni.

"Kodi ntchito yanu kumeneko ndi yotani kwenikweni, achimwene? Anthu akandifunsa ndimangoti za makompyuta."

"Ndimasamutsa zinthu. Kampani ikakhala ndi zolemba zake m'makina akale, ine ndimazichotsamo n'kuziika m'makina atsopano kuti zisatayike."

Mpeni unaima. Esinala anamuyang'ana, kenako anaseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Anapitiriza kupala nsomba.

Humphrey anatulutsa foni. Masamu ndiwo anali pobisalira pake chiyambire ubwana.

"Makina a baba ankayenda fifite bodi," anatero. "Ukukumbukira mmene ankanyadira mawu amenewo?"

"Fifite bodi. Ndinkayesa dzina la mzungu."

"Ndiye kuti waya unkagunda ka makumi asanu pa sekondi. Chilembo chimodzi chinkadya kugunda kasanu ndi kawiri ndi theka: kasanu ka chilembocho, kamodzi kodziwitsa kuti chayamba, kamodzi ndi theka koti chatha. Ukagawa, zikutuluka zilembo mazana anayi pa mphindi." Anatenga kampukutu kamodzi n'kukayeza ndi maso. "Tepi iliyonse apa ndi ya mita imodzi, pafupifupi. Mita imodzi ndi zilembo mazana anayi. Ndiye kuti uthenga uliwonse ndi mphindi imodzi."

"Zimenezo ankanena. Ati akuluakulu a pa ofesi ankawakalipira kuti azifupikitsa, dzina ndi mudzi basi. Iwo ankalemba dzina ndi mudzi m'Chingerezi, kenako n'kumuuza munthuyo kuti, nenani zanu tsopano, mphindi ndi yanu. Aliyense ankamupatsa mphindi yathunthu."

Humphrey sanazidziwe zimenezo. Anabwerera ku foni.

"Mphindi 912. Maola khumi ndi asanu, makina akulira osapuma. M'miyeso ya masiku ano, chilembo chimodzi ndi baiti imodzi, ndiye bokosi lonseli ndi makilobaiti 365. Silikukwana ndi theka lomwe la megabaiti. Chithunzi chimodzi cha foni iyi chimalemera kakhumi kuposa bokosi lonseli." Anayeza liwiro la netiweki, manambala n'kuthamanga pagalasi. "Pakhonde pano ndikupeza mamegabiti khumi ndi awiri pa sekondi. Ndiye kuti zonse zimene baba anasunga moyo wawo wonse zikhoza kuchoka pano kufika ku Ireland pa kota ya sekondi."

"Kota ya sekondi."

"Usanamalize kuphethira."

Esinala anataya madzi a nsomba patsinde pa mpapaya. "Ndiye munachedwa ndi chiyani?"

Humphrey anaika foni pansi n'kutenga tepi yoyamba.

Inakana kutambasuka. Pepala linali litamatana lokhalokha, ndipo atakoka pang'ono, kachidutswa kanatsalira pa chala chake ngati phiko la gulugufe.

"Ndi madzi a chaka chatha," anatero Esinala. "Namondwe uja. Madzi anafika m'chiuno m'nyumba muno. Ine ndikuti, baba, tiyeni tinyamule mapira, iwo ali kalikiliki kupapasa pansi pa bedi. Anasenza bokosi pamutu, munthu wosaona, ine ndikuwakoka malaya mpaka ku sukulu. Matumba awiri a mapira anapita. Milungu itatu tinkadya nyika, mizu ya m'madzi ija, ngati nthawi ya njala, mapepala ali phee pa desiki ya ahedi. Mvula inalowabe pang'ono m'mbali mwa chivundikiro. Atadziwa, sanadye masiku awiri."

Anapeza njira yake pang'onopang'ono. Ankaika kampukutu pamwamba pa nthunzi ya ketulo, n'kukamasula ndi nsonga ya lezala, n'kukagoneka pa nsalu yakuda, miyala iwiri itapsinja nsonga zake. Kenako zithunzi zinayi, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mizere isanu ya mabowo, ndi mzere wachisanu ndi chimodzi wa timabowo ting'onoting'ono tokokera. Tepi yoyamba inamudyera theka la ola. Yachisanu, mphindi khumi ndi zisanu. Kuposa pamenepo pepala silinalole.

Masamu anabwera okha, osaitanidwa. Mphindi khumi ndi zisanu kuchulukitsa ndi 912. Maola 228. Atamagwira maola khumi pa tsiku, osadwala, osalandira alendo, masiku makumi awiri ndi atatu.

Tepi imodzi anafuna aimve. Anatsitsa tchati cha zilembo za teleksi pa foni n'kuyamba kutanthauzira bowo ndi bowo, akulemba kuseri kwa pulogalamu ya maliro. Bowo loyamba lokha, E. Loyamba ndi lachiwiri, A. Zimene bambo ake ankaziwerenga ndi diso limodzi uku akumwa tiyi zinamutengera iye pafupifupi ola. Pamwamba panali Chingerezi cha ofesi: dzina, zaka, mudzi. Pansi pake panali munthu.

HANNAH NDINE FANIZO. NDILI MOYO. NDINAKUDIKIRA PA MLATHO MASIKU AWIRI. POTO WAKO NDILI NAYE. ANA UWAUZE KUTI SINDINATHAWE.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mbuzi zimene zinkapumira mumthunzi wa nkhokwe. Kenako anatsegula foni n'kulembera bwana wake uthenga wopempha milungu itatu yowonjezera. Anaulemba bwino, mwaulemu. Lolemba likudzalo inkayamba ntchito yosamutsa zolemba za kampani ina ya inshuwalansi, ntchito imene anaikonzekera chaka chathunthu, iye ali mtsogoleri wake. Kumeneko munthu akasowa pa tsiku lotere samukalipira, amangopeza wina. Anawerenga uthengawo kawiri. Netiweki inali yodzaza. Anausiya osautumiza, n'kuikanso ketulo pamoto.

Anthu opepesa maliro ankabwerabe, ndipo aliyense ankafuna kugwira dzanja la mwana wa ku Ulaya. Dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri, anali atajambula matepi makumi awiri ndi awiri. Msana unkamuwawa ngati walima dimba.

Lachitatu anasesa m'mamawa. Azimayi anazungulira nyumba ndi matsache, fumbi n'kukwera lofiira m'kuwala kwa dzuwa. Phulusa linawoleredwa, mphasa ya malemu ndi mabotolo a mankhwala zinaunjikidwa kuseri. Njinga inapita kwa Tomasi, wailesi kwa Esinala. Jekete lakuda la ku tchalitchi a Pius analiponya pamiyendo pa Humphrey.

"Kwanu kozizira kuja likuthandiza."

Bokosi analidumpha, monga anapanganirana. A Pius anangoligogoda ndi ndodo podutsa.

Chakumasana, anthu atabalalika, kabaza anaima pa mpanda. Anatsika mayi wokalamba, wamfupi, wovala duku loyera, atagwira nkhuku yomanga miyendo. Anayenda molunjika kukhonde ngati munthu wodziwa pokhala pake, n'kukhala pansi pafupi ndi bokosi.

"Ndi mayi Clotilda, a ku Marka," Esinala ananong'oneza. "Amabwera chaka chilichonse."

"Mwadokerwa, mama," anawalonjera Esinala.

"Ndadokerwa, mwananga. Ndamva mochedwa. Kwathu uthenga umafika ndi anthu a pamsika." Anapereka nkhuku ija, n'kulira pang'ono, mwakachetechete. Atatha anatembenukira kwa Humphrey. "Imwe ndimwe wa kompyuta?"

"Ndine, mama."

"Ankakunenani. Mwafanana nawo pachipumi." Analoza bokosi ndi chibwano. "Tsono andiwerengera ndani?"

Humphrey anayang'ana timipukutu mazanamazana tija, topanda dzina, topanda nambala. Esinala anapisa dzanja pakona n'kutulutsa kamodzi komangidwa ndi ulusi wofiira.

"Yawo ndi iyi. Mwana wawo Lazaro anasowa pothawa, mu 1988. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri."

Iyi sinafune nthunzi. Inatambasuka yokha, yofewa ngati kansalu, yakuda ndi thukuta la zala. Humphrey anaigoneka pa nsalu, n'kutsegula tchati chake. Bowo lachiwiri ndi lachisanu, L. Loyamba ndi lachiwiri, A. Loyamba ndi lachisanu, Z. Kupitirira apo panalibe choti n'kuwerenga. Mabowo anali atang'ambikirana, mizere isanu itasanduka ming'alu itatu yaitali. Pena pepala linali litaphatikizidwa ndi ulimbo wa mtengo, mopotoka. Anaitembenuza, anaiyang'anitsa padzuwa, anaikulitsa ndi kamera ya foni. Palibe makina padziko lapansi amene akanaiwerenga.

"Ndikubwera, mama," anatero. Anakodola Esinala, nalowa naye m'nyumba.

"Yakhala chonchi kuyambira liti?"

"Chibwerereni ine ili choncho."

"Ndiye ankawerenga bwanji?"

"Ankayendetsa chala, n'kumanena."

"Pamtima?"

Esinala anakweza mapewa. "Ine ndinkayesa akuwerenga. Chaka china ndinawapatsa mozondoka, mchira kumutu, osadziwa. Ananena chimodzimodzi, osaphonya liwu. Atapita mayiwa anandiuza kuti, ulendo wina uziyang'ana mbali ya ulusi, ungandichititse manyazi pa ntchito."

"Onse 912 ankawadziwa?"

"Onse sindikudziwa. A eni ake obwera, inde. Enawo ankawanena okha akamayanika, mmodzimmodzi, chala chili pa pepala. Ine ndinkakhala ndikuchapa, sindinkamvetsera." Anasuzumira panja. "Mukawauza chiyani? Achokera kutali, kabaza akuwadikira."

Humphrey anali ndi madigiri awiri ndi foni yotha kumeza bokosi lonse pa kota ya sekondi, ndipo ankadziwa zilembo zitatu.

Esinala anapumira m'mwamba, kupuma kwa munthu amene ntchito imamupeza nthawi zonse chifukwa ndiye ali pafupi. Anatuluka, n'kukhala pa mpando wa bambo ake. Anatenga tepi ija, anayang'ana mbali ya ulusi, anaika chala chachikulu pamwamba pake. Mayi Clotilda anawongola msana n'kuika manja pamaondo.

"Lazaro," anayamba Esinala. Mawu ake anasintha. Anatsika, n'kumayenda mofanana, osakwera osatsika, tepi ikudutsa pang'onopang'ono pansi pa chala. "Ndine mai wako Clotilda. Ndili ku Nsanje, msasa wa Nyamithuthu, pafupi ndi mjigo wachiwiri. Mbuzi tinazisiya, usabwerere kukazitenga. Ndawauza anthuwa za chipsera cha pa bondo lako kuti akudziwe nacho. Mlongo wako Anna ali moyo. Baba wako ayi. Ukamva izi usadzere kumtsinje. Bwera ndi msewu, masana, pamodzi ndi anthu. Ukafika ufunse a Zuze a pa teleksi, akulozera pamene ndili."

Chala chinafika kumchira wa tepi pamodzi ndi liwu lomaliza. Milomo ya mayi Clotilda inali ikuyenda naye limodzi njira yonse.

Esinala anakulunga tepiyo pa chala, monga ankachitira mwini wake, n'kumanganso ulusi. "Yankho silinafike, mama," anatero, m'mawu omwe aja a bambo ake. "Koma uthenga unapita. Ndinautumiza ndekha."

"Takhuta," anathokoza mayiyo. "Takhuta, baba."

Foni inali m'manja mwa Humphrey nthawi yonseyo. Anakumbukira zojambula mawu Esinala atamaliza kale.

A Pius anali atamvetsera ali chiimire pansi pa nimu. Anayandikira, chipewa chili m'manja.

"Mama, tengani pepala lanulo muzipita nalo. Mwini ofesi wapita."

"Nkhabe," anatero mayi Clotilda. "Ndikapita nalo kwathu, yankho likabwera lidzalipeza kuti? Likhale pa ofesi pompano." Analandira kampukutuko kwa Esinala, n'kukabwezera okha pakona pake m'bokosi, n'kukapsinja pang'ono ndi chala kuti kakhazikike. Kenako anagwira dzanja la Humphrey ndi manja awo onse awiri. Zikhatho zawo zinali zolimba ngati khungwa. "Mwabwera kudzakhala, eti?"

"Ndikuona kaye, mama."

"Pyadidi, zili bwino. Chaka chamawa, ngati Mulungu alola, ndidzakupezani."

Esinala anawaperekeza mpaka pa kabaza. A Pius anavala chipewa, anayang'ana Humphrey, anayang'ana bokosi, n'kubwerera kumthunzi.

Humphrey anaikanso ketulo pamoto. Anagwira ntchito masana onse osadzuka, thukuta likudonthera pa nsalu yakuda. Nthunzi, lezala, miyala iwiri, zithunzi zinayi. Tepi ina inathetheka pakati iye asanaigoneke, ndipo anakhala mphindi zambiri akulumikiza tizidutswa ndi nsonga ya lezala, mpaka anaona kuti akungodzinamiza. Ankati akatopa n'kutsegula uthenga wa kwa bwana uja, kuuwerenga, kusintha liwu limodzi, n'kutsekanso. Ina mwa matepi amenewa inali ya azakhali ake Anita. Sankadziwa kuti ndi iti, ndipo amene akanamuuza anali atagona ku manda a kuseri kwa tchalitchi, dothi lake lisanaume.

Esinala anamubweretsera mbatata yootcha ndi madzi a m'mtsuko. Anakhala pa sitepe, akuyang'ana zala zake zikugwira ntchito.

"Mwafika pa angati?"

"Makumi atatu ndi asanu ndi atatu."

"Mukuchita bwino. Baba akanati muli ndi dzanja." Anathyola mbatata n'kudya yekha chidutswa. "Ine Loweruka ndikupita ku Nchalo, achimwene. Musandiyang'ane choncho. Nyumba ya kampani ndi chipinda chimodzi ndi pabalaza, ana atatu. Ndipo ngakhale ikanakhala ya zipinda khumi. Ndasenza zaka zisanu ndi chimodzi. Ndatula."

"Sindinanene kanthu."

"Mumati munene."

Anajambula ena atatu kuwala kusanathe.

Lachinayi kunacha kopanda mphepo. Tomasi anali atafika kale ndi ngolo ya katundu wake, ng'ombe zikudya mapesi pa mpanda. A Pius anakhala pansi pa nimu, atavala malaya oyera a ku tchalitchi. Humphrey anawagwira dzanja, iwo n'kumufunira ulendo wabwino, n'kumuuza kuti apereke moni kwa onse kumeneko. Bokosi linali pakhonde pomwe analisiya, nsalu yakuda itapindidwa pamwamba pake, miyala iwiri ili pambali.

Esinala anamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Jekete la bambo ake Humphrey analikoleka pamkono. Kunali kutatentha kale moti sakanalivala. Kondakitala anakuwa za Limbe, n'kumukankhira pampando wa pakati, pafupi ndi mayi wina wonyamula dengu la nsomba zouma.

Minibasi inanyamuka isanakwane seveni koloko. M'foni mwa Humphrey munali matepi makumi anayi ndi imodzi. Osakopera anatsala 871.